Cheke cha Rosa Parks ndi bwalo la misonkho: tiyeze bwanji moyo wa Mike Ilitch?

Pa 10 Febuluwale 2017 kunamveka uthenga wa imfa ya Bambo Mike Ilitch, mpondamatiki wa mumzinda wa Detroit m'chigawo cha Michigan ku America. Anamwalira ali ndi zaka 87. Anthu akumeneko ankawadziwa pa zinthu ziwiri zikuluzikulu: kampani yogulitsa pizza ya Little Caesars, ndi timu ya Detroit Red Wings, imene imasewera hockey wa pamadzi oundana. Komabe m'masiku a maliro, nkhani imene inayenda kwambiri m'manyuzipepala inali ya lendi ya nyumba. Anthu ambiri anamva koyamba kuti bambowa ankalipirira nyumba Mayi Rosa Parks, mayi aja anakana kusiyira mzungu mpando m'basi mu 1955, ndipo ankachita zimenezi osaitana atolankhani.

Patangopita miyezi 7, mu Sepitembala chaka chomwecho, ku Detroit kunatsegulidwa bwalo latsopano la timu yawo, lotchedwa Little Caesars Arena. Pa ndalama zomangira bwalolo, madola pafupifupi 324 miliyoni anachokera ku misonkho ya anthu, mumzinda umene zaka 4 m'mbuyomo unali utapita kukhothi kukanena kuti walephera kubweza ngongole zake.

Nkhani ziwirizi ndi za munthu mmodzi, koma ambiri amene amalemba za bambowa amatola imodzi n'kusiya inzake. Maganizo anga ndi akuti tiziwerenge zonse, ndipo tisalole kuti yoyambayo ilipirire yachiwiriyo. Kupatsa ndi udindo pawokha, kuchita chilungamo ndi udindo winanso, ndipo Mulungu amafunsa onse awiri. Nkhaniyi ikutikhudza ife pa koleji pano chifukwa ambiri tikuphunzira za bizinesi ndi zowerengera ndalama. Mawa lino ndife amene tidzakhale mamanejala, asungichuma ndi akulu a mipingo, ndipo tsiku lina tidzayenera kuyang'ana munthu wopatsa m'maso n'kumufunsa funso lovuta.

Kuchokera khomo ndi khomo

A Ilitch anabadwira ku Detroit pa 20 Julayi 1929. Makolo awo anali alendo ochokera ku Macedonia, anthu okhalira thukuta lawo. Atamaliza sekondale anagwira usilikali zaka 4, kenako anayesa mwayi wawo m'masewera a baseball. Anasewera m'matimu ang'onoang'ono a pansi pa Detroit Tigers, koma anavulala mwendo asanafike ku timu yaikulu, ndipo maloto amenewo anathera pomwepo. Anayamba kuyenda khomo ndi khomo kugulitsa katundu wa m'nyumba.

Mu 1959, iwo ndi akazi awo, Mayi Marian, anatenga ndalama zimene anasunga, madola pafupifupi 10,000, n'kutsegula kasitolo ka pizza ku Garden City, kunja kwa Detroit. Mu 1962 anayamba kulola anthu ena kutsegula masitolo awoawo m'dzina la Little Caesars, potsatira maphikidwe ndi malamulo a kampaniyo, n'kumapereka gawo la zimene apeza. Njira imeneyi inakulitsa bizinesiyo mofulumira popanda iwo kumanga okha sitolo iliyonse. Chida chawo chachikulu chinali mtengo wotsika. Kuyambira mu 1979 ankagulitsa ma pizza awiri pa mtengo wa imodzi, ndipo patapita zaka kampaniyo inafika pokhala yachitatu kukula pa makampani onse a pizza ku America.

Mpaka apa palibe amene angawanene. Ndi mbiri ya banja limene linayamba ndi zochepa, linasunga, linadziwa kasitomala wake, ndipo silinadye mbewu. Wophunzira aliyense wa zamalonda angatolepo kanthu.

Timu imene ankaitcha yakufa

Masewera a hockey wa pamadzi oundana kwathu kuno kulibe, choncho ndiwafotokoze pang'ono. Osewera amavala nsapato zokhala ndi zitsulo zonga mipeni kunsi kwake, zimene amatsetserekera nazo pabwalo la madzi oundana. Timu iliyonse imakhala ndi anthu 6 pabwalo, kuphatikizapo goloboyi, ndipo amamenya ndi ndodo kampira kolimba kophwatalala kuti kalowe m'golo. Amasewera zigawo zitatu za mphindi 20. Ligi yaikulu ya ku America ndi Canada imatchedwa NHL, inayamba mu 1917, ndipo chikho chake ndi Stanley Cup. M'madera ozizira ngati Michigan anthu amakonda masewerawa monga mmene ife timakondera mpira wamiyendo.

A Ilitch analowa m'masewerawa kudzera mwa ana. Mu 1968 kampani yawo inayamba kuthandiza matimu a achinyamata, ndipo ntchito imeneyo ilipobe mpaka lero. Mu 1982 anagula Detroit Red Wings kwa Bruce Norris pa madola 8 miliyoni. Inali timu ya mbiri yakale koma yothetheka. Inatenga chikho komaliza mu 1955, inkalephera chaka ndi chaka kufika ngakhale mu ndime ya chipulula, ndipo anthu anali atayamba kuinyoza kuti ndi timu yakufa. Anthu ogula matikiti a chaka chonse anali atatsala pafupifupi 2,100 okha. Kuti akope anthu, mwini timu watsopanoyo ankapereka galimoto kwa munthu mmodzi wamwayi pamasewera a pakhomo.

Magalimotowo ankangodzaza mipando. Chimene chinadzutsa timuyo chinali kayendetsedwe kake, ndipo apa ndi pamene ndimawalemekeza bambowa ngati mtsogoleri. Choyamba, anadziwa malire awo. Sanali katswiri wa hockey, motero analemba ntchito Jim Devellano, amene anali atathandiza kumanga timu yamphamvu ya New York Islanders, n'kumusiya agwire ntchito. Chachiwiri, anamanga kuchokera pansi. Chaka chilichonse matimu a NHL amasankha mosinthana anyamata achisodzera, ndipo mu 1983 Red Wings inasankha Steve Yzerman, mnyamata wa zaka 18 amene anakhala kaputeni kuyambira 1986 mpaka 2006. Chachitatu, anayang'ana kumene ena ankakayika. Mu 1989 timuyo inasankha Nicklas Lidström wa ku Sweden, komanso Sergei Fedorov ndi Vladimir Konstantinov a ku Soviet Union, pa nthawi imene kunalibe chitsimikizo choti boma lakwawo lidzawalola kutuluka. Mu 1993 anabweretsa mphunzitsi Scotty Bowman, amene pambuyo pake anayamba kuika osewera 5 a ku Russia pabwalo nthawi imodzi.

Zipatso zinachedwa. Panapita zaka 15 kuchokera pamene anagula timuyo kufika mu 1997, pamene inagonjetsa Philadelphia Flyers n'kutenga chikho chimene mzindawo unachidikira zaka 42. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Eni matimu ambiri akanasintha njira chaka chilichonse kapena kugulitsa. Iwo anapirira, ndipo zikho zina zinabwera mu 1998, 2002 ndi 2008. Timuyo inafika mu ndime ya chipulula nyengo 25 zotsatizana, ndipo mu 2003 dzina lawo linalowa mu Hockey Hall of Fame, nyumba yosunga mbiri ya anthu otchuka pamasewerawa.

Pali chochitika china chimene chimasonyeza mtima umene unali m'timuyo. Patangopita masiku 6 kuchokera pamene anatenga chikho cha 1997, galimoto imene anakwera Konstantinov inachita ngozi, ndipo anavulala kwambiri m'mutu moti sanasewerenso. Chaka chotsatira timuyo itatenganso chikho, anzake anamubweretsa pabwalo ali panjinga ya olumala, ndipo Yzerman anaika chikhocho pamiyendo pake. Nambala yake, 16, sinaperekedwenso kwa wosewera wina.

Cheke chimene sichinaimbiridwe ng'oma

Mayi Rosa Parks anachoka ku Montgomery, Alabama, n'kukakhala ku Detroit mu 1957, atachotsedwa ntchito ndi kuopsezedwa chifukwa cha zimene anachita m'basi muja. Mu Ogasiti 1994, ali ndi zaka 81, munthu wina analowa m'nyumba mwawo, anawamenya n'kuwalanda madola 53. Woweruza milandu Damon Keith anayamba kuwafunira nyumba yotetezeka. A Ilitch atawerenga nkhaniyo m'nyuzipepala anaimbira foni woweruzayo n'kunena kuti lendi azilipira iwo. A Keith anasunga chithunzi cha cheke cha madola 2,000 cholembedwa mu Novembala 1994, ndipo malinga ndi umboni wawo thandizolo linapitirira zaka zambiri. Nkhaniyi inatuluka poyera mu 2014, Mayi Parks atamwalira kale mu 2005.

Taganizirani phindu limene kampani yogulitsa chakudya ikanapeza mumzinda umene anthu ake ambiri ndi akuda, ikanalengeza kuti ikusamalira Rosa Parks. Chithunzi chimodzi chokha chikanaposa malonda a pa wailesi yakanema a chaka chonse. Iwo anakhala chete zaka 20. Zimenezi zikufanana kwambiri ndi zimene Yesu anaphunzitsa pa Mateyu 6 zokhudza kuthandiza osauka mobisa, ndipo zimatichititsa manyazi ife amene sitingapereke thumba la chimanga popanda kujambulitsa.

Sizinali zokhazi. Mu 1985 kampaniyo inayambitsa Love Kitchen, chigalimoto chachikulu chokhala ndi khitchini, chimene chimayenda kudyetsa anthu osowa pokhala ndi ogwa m'mavuto a ngozi zachilengedwe. Mu 1987 banjali linagula Fox Theatre, nyumba yakale ya zisudzo imene inali itayamba kuwonongeka, n'kuikonza. Kenako anasamutsira likulu la kampani yawo pakati pa mzindawo pa nthawi imene makampani ena ankathawira kunja. Mu 2015 anapereka madola 40 miliyoni ku Wayne State University, ndipo sukulu ya zamalonda ya payunivesiteyo imadziwika ndi dzina lawo.

Sindikuchepetsa chilichonse mwa zimenezi. Amene amati kupatsa konse kwa anthu olemera ndi nyambo sangafotokoze cheke chija, chifukwa nyambo sabisa.

Bwalo latsopano mumzinda wosauka

Tsopano titembenuze tsamba. Mu 1950 Detroit inali ndi anthu pafupifupi 1.8 miliyoni ndipo inali likulu la mafakitale a magalimoto. Pofika 2010 munatsala anthu ongopitirira 700,000. Ntchito zinatha, nyumba zambiri zinasiyidwa, ndipo misonkho inachepa. Pa 18 Julayi 2013 mzindawo unapita kukhothi kukavomereza kuti sungathe kubweza ngongole za madola pafupifupi 18 biliyoni. Palibe mzinda wina wa ku America umene unagwapo ndi ngongole yaikulu chotere.

Sabata imodzi isanathe n'komwe, bungwe la boma la Michigan linavomereza dongosolo loika ndalama za misonkho pomanga bwalo latsopano la Red Wings. Mu 2014 khonsolo ya mzindawo inapereka malo ake angapo ku ntchitoyi pa mtengo wa dola imodzi. Chaka chomwecho mabanja masauzande ambiri ku Detroit anadulidwa madzi chifukwa cholephera kulipira, mpaka akatswiri a United Nations anadzudzula. Anthu opuma pantchito amene anatumikira mzindawo moyo wawo wonse anadulidwa penshoni ndi 4.5 peresenti. Bwalolo litatha, ndalama zonse zomangira zinakwana madola pafupifupi 863 miliyoni, ndipo 324 miliyoni mwa zimenezo zinali za anthu. Koma ndalama za matikiti, zakudya, malo oimika magalimoto ndi dzina la bwalolo zimalowa ku makampani a banja la a Ilitch.

Anthu a ku Detroit sanangopereka chabe, analonjezedwa kanthu. Mu 2014 banjali linalengeza kuti kuzungulira bwalolo kudzamangidwa dera lalikulu lotchedwa District Detroit, lokhala ndi nyumba zogona, masitolo ndi maofesi. Zithunzi zake zinali zokongola. Patapita zaka zingapo bwalo litatsegulidwa, atolankhani ndi anthu okhala kumeneko ankadandaula kuti chimene chinachuluka ndi malo oimika magalimoto, pamene nyumba zakale zimene banjali linagula zinkangokhala zotseka. Panalinso pangano lakuti oposa theka la ogwira ntchito yomanga akhale anthu a mumzindawo, koma makontirakitala sanakwanitse ndipo analipira chindapusa. Kunena chilungamo, a Ilitch anamwalira bwalo lisanatsegulidwe, ndipo zambiri za pambuyo pake zili m'manja mwa ana awo. Koma pangano lotenga ndalama za misonkho linapangidwa iwo ali moyo, ndi dzina lawo ndi mbiri yawo yabwino zili patsogolo.

Akatswiri a zachuma anafufuza kale ngati mabwalo amasewera omangidwa ndi misonkho amabweza ndalamazo. Buku la Roger Noll ndi Andrew Zimbalist la mu 1997, lotchedwa Sports, Jobs, and Taxes, linapeza kuti phindu lake ku chuma cha mzinda ndi lochepa kwambiri poyerekeza ndi zimene mzinda umaika. Chifukwa chake n'chosavuta kumvetsa. Banja limene lagula matikiti a masewera silinapeze ndalama zatsopano, langosamutsa zimene likanagwiritsa ntchito kwina mumzinda momwemo. Ntchito zambiri za pabwalo ndi za maganyu, za masiku a masewera okha. Ndalama zazikulu zimapita kwa mwini timu ndi osewera.

Palinso bizinesi ina imene ife a Adventist sitingaidumphe. Mu 1999 ku Detroit kunatsegulidwa nyumba ya juga ya MotorCity Casino, ndipo mu 2005 Mayi Marian anagula magawo a anzawo n'kukhala mwini wake. Inalembedwa m'dzina la mayiwo, pakuti bambowo anali atagula timu ya baseball ya Detroit Tigers mu 1992, ndipo malamulo a ligiyo sankalola eni matimu kukhala ndi nyumba za juga. Pamapepala zinali zosiyana, koma mphika unali wa banja limodzi. Mpingo wathu umakana juga chifukwa phindu lake limachokera pa kuluza kwa wina, ndipo oluza kwambiri amakhala amene alibe zambiri. Aliyense amene waonapo mnzake atabetcha ndalama ya fizi pa foni akudziwa kumene phindu lotere limachokera.

Zimene owateteza amanena

Amene amawakonda bambowa ali ndi mayankho, ndipo ndi bwino kuwamva.

Loyamba ndi lakuti sanaphwanye lamulo lililonse, ndipo eni matimu ambiri ku America amachita chimodzimodzi. Izi n'zoona, ndipo sindikuwatcha wakuba. Koma ife amene timasunga Sabata m'dziko limene ambiri sasunga tiyenera kukhala omaliza kunena kuti chinthu n'chabwino chifukwa aliyense akuchita. Lamulo la dziko limangonena zimene sungamangidwe nazo. Silinena zonse zimene munthu woopa Mulungu ayenera kukana.

Lachiwiri ndi lakuti ndalamazo sizinachokere m'thumba lalikulu la mzinda. Zinali misonkho ya nyumba ndi malo a pakati pa mzinda, yosungidwa ndi bungwe la Downtown Development Authority, ndipo mwalamulo sizikanatha kulipira penshoni kapena madzi. Yankho ili lili ndi mphamvu, koma limaiwala kuti mpanda wotchinga ndalamazo unamangidwa ndi anthu. Kumapeto kwa 2012 aphungu a Michigan anasintha lamulo kuti misonkho imeneyi ithe kugwiritsidwa ntchito pa bwalolo. Ngati lamulo linasinthika kuti lithandize bwalo, likanathanso kusinthika kuti lithandize zina. Msonkho ndi msonkho, kaya auika m'thumba liti.

Lachitatu ndi limene limandigwira mtima kwambiri: iwo anakhala pamene ena anathawa. Popanda iwo, pakati pa Detroit pakanakhala bwinja. Mwina n'zoona. Koma taonani chimene mfundoyi imachita. Imasandutsa kuthokoza kukhala ngongole yosatha, moti mzinda umalephera kunena kuti ayi kwa munthu amene unamuthokoza dzulo. Pamene mzinda wafooka kwambiri m'pamenenso ulibe mphamvu yokambirana mtengo, ndipo wamphamvu amene akukambirana ndi wofooka ali ndi udindo wodziletsa. Banja limene chuma chake chinkawerengedwa m'mabiliyoni likanatha kumanga bwalo lake lokha. Likanatero, mbiri ya cheke chija ikanakhala yopanda chilema.

Lachinayi ndi lakuti womwalira sanenedwa. Za mtima wawo ndi chipulumutso chawo, woweruza ndi Mulungu yekha, ndipo ine sindikufikako. Koma mapangano a misonkho ndi nkhani ya anthu amoyo, amene akulipirabe mpaka lero. Mlandu suola.

Zakeyu anachita ziwiri

Pa Luka 19 timawerenga za Zakeyu, mkulu wa okhometsa msonkho wa ku Yeriko. Atakumana ndi Yesu analonjeza zinthu ziwiri: kupereka theka la chuma chake kwa osauka, ndi kubweza kanayi kwa aliyense amene anamulanda kanthu. Nthawi zambiri timaziwerenga ngati chinthu chimodzi, koma n'zosiyana. Choyamba ndi mphatso, ndipo wopereka amasankha yekha woti amupatse, nthawi yake ndi kuchuluka kwake. Chachiwiri ndi ngongole, ndipo amene amanena kuchuluka kwake ndi wolakwiridwayo. Mphatso imakoma kwa wopereka chifukwa amakhala pamwamba. Kubweza kumawawa chifukwa kumafuna kutsegula mabuku. Zakeyu sananene kuti theka lija likwanira zonse.

Mneneri Natani anauzanso Davide fanizo la munthu wolemera amene anali ndi ziweto zambiri, koma mlendo atabwera anakatenga kamwana ka nkhosa kamodzi ka mnansi wake wosauka. Munthu ameneyu anali wochereza alendo, ndipo mlendoyo ayenera kuti anachoka akumuyamika. Vuto linali mwini nkhosa. Pa phwando lililonse la chitukuko, funso la Natani likadalipo: nyama ili patebuloyi yachokera m'khola la yani?

Tikamaphunzitsa za ukapitawo m'mipingo yathu, kawirikawiri timayambira pa chakhumi ndi zopereka n'kuthera pomwepo. Timafunsa ngati munthu wabweza gawo limodzi mwa magawo 10, koma sitifunsa mmene magawo onse 10 anabwerera. Kapitawo weniweni amayankha za munda wonse, kuyambira mmene anapezera malowo, mmene analipirira aganyu, mpaka muyezo umene anagulitsira zokolola. Chakhumi sichitsuka ndalama.

Michigan si dera lachilendo kwa ife. Mpingo wa Seventh-day Adventist unakhazikitsa General Conference ku Battle Creek mu 1863, makilomita pafupifupi 200 kuchokera ku Detroit, ndipo Andrews University ili m'chigawo chomwecho. Koma phunziro la nkhaniyi silifuna pasipoti. Tsiku losonkha ndalama zomangira tchalitchi, tonse timadziwa amene amaitanidwa kukhala mlendo wolemekezeka ndi mpando umene amapatsidwa. Kalata ya Yakobo, mutu 2, inachenjeza kale za mpingo umene umapereka malo abwino kwa wovala mphete zagolide n'kuimiritsa wosauka kumbuyo. Vuto lenileni limadza pambuyo pa mwambowo, pamene munthu yemweyo wapempha kontirakiti yomanga popanda kupikisana ndi ena, kapena pamene antchito ake, amenenso ndi abale a mumpingo momwemo, akudandaula kuti sanalandire malipiro miyezi itatu. Bodi ya mpingo imayang'ana pansi, chifukwa malata ali padengawo anagula ndi iyeyo.

Kwa ife amene tikukonzekera ntchito

Anzanga, ndikupempha zinthu zitatu.

Tiphunzire kwa a Ilitch zimene anachita bwino, ndipo tiziphunzire ndi mtima wonse: kuyamba ndi zochepa, kulemba ntchito anthu odziwa kuposa ife n'kuwakhulupirira, kupirira zaka 15 popanda chikho, kusataya wantchito amene wavulala, ndi kupereka popanda kamera. Zimenezi n'zosowa, m'dziko ngakhalenso mumpingo.

Tiphunzirenso kuwerenga pangano mpaka tsamba lomaliza. Wina akabwera ndi zithunzi zokongola za chitukuko n'kupempha malo a sukulu, a mpingo kapena a mudzi, tifunse mafunso a munthu wowerengera ndalama. Ndani akuika ndalama zingati? Phindu likabwera lilowa kwa yani? Zikakanika ataye ndani? Malonjezowa alembedwa pati, atha liti, ndipo akapanda kukwaniritsidwa chilango chake n'chiyani? Detroit inapereka ndalama zenizeni n'kulandira malonjezo ambiri amene analibe mano. Paja lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane.

Chomaliza n'chovuta kuposa zonse. Ena mwa ife Mulungu adzatidalitsa ndi chuma, ndipo tsiku lina tidzakhala mbali yamphamvu ya tebulo, moyang'anizana ndi khonsolo yosauka, mlimi wopanikizika kapena wachinyamata wofuna ntchito iliyonse. Lamulo lidzatilola kufinya. Anthu adzatiyamikabe chifukwa cha zimene tinapereka kwina, ndipo palibe amene adzayerekeze kutifunsa. Pa tsiku limenelo tidzakumbukire kuti munthu amene analipira lendi ya Rosa Parks mwakachetechete ndi yemweyo amene kampani yake inalandira madola 324 miliyoni a misonkho mumzinda umene unkadula madzi a amayi amasiye. Anali munthu wabwino pa zambiri, ndipo n'chifukwa chake nkhani yake ikutiyenera. Akanakhala chigawenga tikanangopukusa mitu n'kupitirira. Popeza anali wachifundo, wolimbikira ndi wokonda kwawo, monga mmene ifenso timafunira kudzakhalira, tiyenera kuima n'kudzifunsa.

Cheke chikadzafika pa bodi ya mpingo kapena ya sukulu, tidzachilandire ndi manja awiri ndi kuthokoza kochokera pansi pa mtima. Tikatha kuthokoza, tidzatsegule mabuku monga mwa nthawi zonse, ndipo wopereka uja adzayankhe mafunso omwewo amene timafunsa wina aliyense.